Usanagule mfuti yachiwiri

Mphwanga,

Ndamva kuti .308 uli nayo ija yayamba kukuchepera m'maso, ndipo mtima wako wagwera pa .30-06 imene unaiona m'sitolo ku Polokwane. Ndalama ndi zako, thukuta ndi lako. Koma tamvera kaye malume ako, amene ndakalambira kusenda nyama m'mafamu a ku Limpopo: ndikang'amba ngoma, sindidziwa kuti yagwa ndi iti mwa mfuti ziwirizi. Bala lake ndi limodzimodzi.

Zonse ziwiri zimaponya chipolopolo chofanana kukula, mamilimita 7.82. Zimangosiyana chigoba chosunga wonga: cha .30-06 n'chotalika mamilimita 63, cha .308 n'cha 51. Yoyambayo inalowa usilikali ku America mu 1906, ndipo a Winchester potulutsa inayo mu 1952 ankafuna kuti ntchito yomweyo igwirike ndi chigoba chachifupi. Ukaika chipolopolo cholemera magireni 180, cha .30-06 chimathamanga pafupifupi mamita 820 pa sekondi, cha .308 pafupifupi 800. M'tchire lathu la minga, momwe nswala umaiona ili kale pafupi, mamita 20 amenewo akupindulira chiyani?

Anzako ena akuuza za .270, yomwe inatuluka mu 1925. Jack O'Connor anaitamanda kwa zaka zambiri m'magazini ya Outdoor Life, ndipo alenje a ku America mpaka lero amakangana kuti yabwino ndi iti pakati pa iyo ndi .30-06. Mkangano wotere umakoma pamoto usiku, nyama ili pamakala. Chipolopolo cha .270 chimayendadi mowongoka pang'ono pamtunda wautali, monga m'zigwa za ku Karoo. Nanga iwe ku Karoo umapitako kangati?

Kumbukanso lamulo. Ku South Africa kuno, pansi pa Firearms Control Act ya mu 2000, mfuti iliyonse imafuna laisensi yakeyake, ndipo wosaka mwa apo ndi apo saloledwa kupitirira mfuti zinayi, kuwerengera ndi yodzitetezera yomwe. Iwe uli ndi mwayi poti mapepala ako okhalira m'dziko muno ndi okhazikika, apo ayi sakadakuyang'ana n'komwe. Ndiye utayirenji malo amodzi mwa anayiwo, mafomu ndi miyezi yodikira, pa mfuti yobwereza zimene uli nazo kale?

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'china. Alenje timadzuka kusanache, timapisa m'thumba la jekete kuli mdima, zala zitauma ndi chisanu cha mu June. Zipolopolo za mfuti zofananazi kunsi kwake n'kofanana, ndipo m'manja sungazisiyanitse msanga. Cha .308 chimatha kulowa mu .270 n'kutsekeka bwinobwino poti n'chachifupi. Koma mpope wa .270 ndi wa chipolopolo cha mamilimita 7.04. Ukawomba, ukukakamiza chinthu chachikulu kudutsa pabowo laling'ono, ndipo mphamvu yonse ya wonga imafuna potulukira pena. Potulukira pakepo ndi pomwe waika tsaya ndi diso. Kusakaniza kwina sikuphulitsa mfuti koma kumazunza nyama: cha .270 mu .30-06 chimalira ndithu, n'kutuluka chikugwedera, ndipo m'malo mwa paphewa chimakagwera m'mimba. Ukatero tsiku lonse lithera kulondola magazi m'minga, mwini famu akukuwerengera mtengo wa nyama yomwe mwina suipeza. N'chifukwa chake ndimakuumiriza kuwerenga nambala yodindidwa kunsi kwa chigoba ndi ya pampope, nthawi zonse, ngakhale uli wekha. Koma chipolopolo chachikulu ngati cha .375 sungachisokoneze ndi cha .308 ngakhale utatsinzina.

Mapanga awiri avumbwitsa. Mfuti iliyonse ili ndi khalidwe lake: pamene chala chimailiza, mmene imamenyera phewa, mmene chipolopolo chimatsikira chikapitirira mamita 200. Wa mfuti imodzi zimenezi zimamulowa m'thupi. Wa ziwiri zofanana amaima pa sefu m'mawa kusinkhasinkha yoti atenge, ndipo ngoma ikatulukira amayamba kukumbukira kuti kodi sikopu iyi anaitchera pa mamita 100 kapena inali ya inzake ija. Ngoma siidikira masamu.

Ndikadakhala iwe, ndalamazo ndikadagula sikopu yabwino yoona kukamachita chisisira, ndi mabokosi a zipolopolo oti ndikathere pamalo ophunzirira kuwombera. Ngati dzanja likuyabwabe, gula mfuti yochita zimene .308 singachite. Kumunsi kuli .22, yosamenya phewa, yotchipa zipolopolo, yomwe ingakuphunzitse kuliza mfuti osaphethira kuposa mphunzitsi aliyense. Kumtunda kuli .375 H&H, imene a Holland & Holland a ku London anaitulutsa mu 1912. Imeneyo ndi ya njati, ndipo ku Zimbabwe lamulo silikulola n'komwe kuyandikira njati, njovu kapena mvuu ndi mfuti yochepera mamilimita 9.2. Komatu usaigule lero chifukwa cha njati ya m'maloto. Mtengo wosakira njati imodzi ukhoza kukupatsa nswala zodya zaka zambiri.

Sindikukana kuti pali nthawi imene mfuti ziwiri zoyandikana zimakhala m'nyumba imodzi popanda cholakwa. Ya malemu bambo ako, ikadakhalapo, sindikadakuuza kuti uigulitse poti ikufanana ndi yako. Palinso amene amangokonda mfuti monga ena amakondera magalimoto akale. Amenewo anene chilungamo kuti akugula chifukwa cha chikondi, asanamizire nyama. Ndipo ngati vuto lako n'loti ukufuna yapadera, ina ikathyoka sikopu pakati pa ulendo kapena mkazi wako akafuna kusaka nawe, gula .308 inanso. Bokosi la zipolopolo likhala limodzi, ndipo chilichonse chimene dzanja lako litole m'thumba kuli mdima chidzakhala choyenera mfuti ili paphewa pako.