Chotupa cha Pathumba la Mazira: Zoti Banja Lidziwe Opaleshoni Isanachitike

Mayi aliyense ali ndi matumba awiri a mazira, lina kumanja, lina kumanzere kwa chiberekero. Nthawi zina pathumbapo pamatuluka chotupa chodzaza madzi. Zambiri mwa zotupazi zimaphwa zokha mayi akasamba kawiri kapena katatu, n'chifukwa chake adokotala amatha kungonena kuti mubwerenso ku sikani. Akatero sikuti akunyalanyazani ayi.

Opaleshoni imafunika chotupa chikamakulirakulira, chikamapweteka kosalekeza, kapena chikakayikitsa kuti mwina ndi khansa, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba.

Njira zake

Njira ya timabala ting'onoting'ono, yomwe achipatala amati laparoscopy, imachitika mayi atagonetsedwa tulo. Amaboola pamchombo n'kulowetsa kakamera, kenaka amaboola malo ena awiri kapena atatu polowetsa zida. Kabala kalikonse sikapitirira sentimita imodzi kwenikweni. M'mimba amapoperamo mpweya kuti aone bwino, ndipo mpweya wotsalira umatha kupweteketsa phewa kwa tsiku limodzi kapena awiri. Musadabwe nazo. Ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Ina ndi yocheka kabala kamodzi ka masentimita 3 mpaka 5 pachinena, monga amachitira potseka amayi kuti asaberekenso. Simafuna kamera, choncho imatheka ngakhale pamene palibe makina.

Kucheka bala lalikulu ngati la siza nako kuli ndi malo ake. Chotupa chikakhala chachikulu kwambiri kapena chokayikitsa, adokotala amafuna kuchitulutsa chathunthu chisanaphulikire m'mimba. Apa mayi amagona m'chipatala masiku angapo, ndipo kuchira kumatenga masabata 4 mpaka 6.

Ife tikuona kuti mabanja ambiri amatanganidwa ndi kukula kwa bala, n'kuiwala funso lofunika koposa: kodi achotsa chotupa chokha, kapena thumba lonse? Funsani musanasayine. Dziwaninso kuti thumba limodzi likatsala lili bwino, mayi amasamba monga kale ndipo akhoza kutenga pakati. Funsaninso ngati chotupacho chikapimidwe, ndi tsiku lodzamva zotsatira. Akakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, nyamulani buku la kuchipatala ndi pepala la sikani.

Pali mtundu wina wa chotupa umene mkati mwake mumapezeka tsitsi, mafuta, ngakhale mano. Achipatala amaudziwa bwino, ndipo umapezeka kwa amayi a m'maiko onse. Si ufiti ayi, choncho musaloze chala apongozi kapena aneba.

Kunyumba

Abambo, bala laling'ono lisakunamizeni, chifukwa mkatimo ntchito yachitika yaikulu. Mtondo, khasu ndi ndowa ya madzi zikhale kaye m'manja mwa ena mpaka achipatala atalola. Mayi aziyendayenda pang'ono pakhomo, osangogona tsiku lonse. Pabala pasapakidwe phulusa kapena zitsamba. Pakatuluka mafinya, thupi likatentha, kapena mimba ikatupa, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa amene akudikirabe tsiku la opaleshoni: ululu wadzidzidzi wa mbali imodzi ya chinena, wobwera ndi kusanza, ungatanthauze kuti thumba lapotoka ndipo magazi sakufikako. Likachedwa kumasulidwa limafa. Pezani kabaza kapena galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mayiyo asadye kapena kumwa kanthu panjira poti mwina alowa kufiyeta akangofika.