Phunziro: Malamulo a Ntchito m'Nyumba za Alendo



Tsiku lina, nditatsiriza Misa pa nthambi ina ya m'mbali mwa nyanja, anandidzera mnyamata wina nkhope ili yakugwa, nati: "Bambo, ndagwira ntchito yoperekera zakudya pa nyumba ya alendo zaka 3. Sabata yatha foni ya mlendo inasowa, ndipo abwana anandichotsa tsiku lomwelo osandifunsa kanthu. Foniyo yapezeka m'galimoto la mlendo yemweyo, koma ine ntchito yandithera, ndipo ndilibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti ndinali wantchito pamenepo." Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti abwanawo sanali munthu wakunja ayi, koma Mkristu mnzathu, wodziwika pa zopereka za tchalitchi. Nditacheza nawo ndinaona kuti si munthu wankhanza. Vuto lawo linali lakuti nyumba yonse inkayenda monga mtima wawo wadzukira tsiku limenelo, pakuti inalibe malamulo olembedwa.

Nyumba zotere zilipo zambiri tsopano, ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhata Bay ndi m'mizinda monse: mahotela, malo ogona apaulendo ndi malo odyera. Ngakhale maparishi ena ndi nyumba za asisteri zili ndi zipinda za alendo. Tsono nkhaniyi ndi yathu tonse, olemba ntchito ndi olembedwa omwe.

Kulandira alendo ndi ntchito yoyera

Buku la Genesis, mutu 18, likutiuza za Abrahamu amene analandira alendo 3 ku Mamre, osadziwa poyamba kuti akuchereza Mulungu mwini. M'Mthenga Wabwino wa Luka, mutu 10, Msamariya wachifundo uja anasiya munthu wovulala m'manja mwa mwini nyumba ya alendo, napereka ndalama 2, nalonjeza kulipira zotsala pobwerera. Makolo athunso ankati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti tiyenera kumsamala msanga popeza sakhalitsa. Koma taonani: mwini hotela saphika yekha, sayala bedi yekha, salondera yekha usiku. Iye amalandira mlendo ndi manja a anthu ena. Nanga angathe bwanji kulemekeza mlendo pamene akunyoza manja amene akumtumikira?

Chitsanzo cha Benedict Woyera

Benedict Woyera, amene anakhazikitsa nyumba ya amonke ku Monte Cassino m'dziko la Italy cha m'chaka cha 529, analembera ana ake Lamulo la mitu 73. M'mutu 53 analamula kuti mlendo aliyense alandiridwe monga Kristu. Koma munthu wanzeruyu sanalekere pa mawu okoma okha. Anakonza kuti khitchini ya alendo ikhale payokha, kuti alendo ofika pa nthawi iliyonse asasokoneze abale. Kuti abale 2 odziwa ntchitoyo atumikiremo chaka chathunthu. Ndi kuti ntchito ikawachulukira apatsidwe owathandiza, n'cholinga choti atumikire popanda kung'ung'udza. M'mutu 66 anafuna kuti pakhomo pakhale munthu wachikulire wanzeru, wodziwa kulandira uthenga ndi kuyankha. Apa tikuona zinthu 3: munthu woyenera pa ntchito yake, nthawi yodziwika, ndi chithandizo pamene katundu walemera. Chikondi chopanda dongosolo chimatopetsa amene akutumikira.

Chiphunzitso cha Eklezia

M'chaka cha 1891 Papa Leo XIII analemba kalata yotchedwa Rerum Novarum. M'menemo anaphunzitsa kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga wantchito wodziletsa, ndi kuti ngati munthu avomera malipiro ochepa chifukwa cha umphawi kapena mantha, kuvomerako sikuchotsa tchimo la womlemba. M'chaka cha 1981 Papa John Paul II, m'kalata ya Laborem Exercens, anabwereza kuti munthu wogwira ntchito ndi woyamba, chuma ndi zipangizo zimabwera pambuyo. Izi sizachilendo: Deuteronomo mutu 24 amaletsa kuchedwetsa malipiro a mmphawi, kalata ya Yakobe mutu 5 imadzudzula olemera omana antchito awo, ndipo katekisimu amawerengera kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo ofuulira kumwamba.

Zoyenera kulembedwa

Tsono Mkristu amene ali ndi nyumba ya alendo alembe malamulo a nyumba yake, motsata chikumbumtima ndi lamulo la dziko lathu la chaka cha 2000 lotchedwa Employment Act. Mitu yake ikhale iyi:

1. Kulemba ntchito. Munthu alembedwe chifukwa cha luso ndi khalidwe lake, osati chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena chibale. Mwana wosakwana zaka 14 asalembedwe ntchito. Malo ake ndi kusukulu.

2. Kalata ya ntchito. Lamulo limafuna kuti wolemba antchito 5 kapena kuposa apatse aliyense kalata pasanathe mwezi umodzi, yonena za ntchito yake, malipiro, maola ndi tchuthi. Koma ngakhale muli ndi wophika mmodzi ndi mlonda mmodzi, apatseni kalata. Mawu apakamwa amauluka.

3. Maola ndi kupuma. Maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, osawerengera owonjezera, ndipo wogwira masiku 6 otsatizana apume maola 24. Ora lowonjezera lilipidwe ngati ora limodzi ndi theka. Pa tsiku lake lopuma kapena pa tsiku la tchuthi cha boma lilipidwe kawiri. Popeza hotela siitseka Lamulungu, ndandanda ya ntchito ikonzedwe mosinthana kuti aliyense apeze mpata wopita ku Misa, ndi Msilamu ku mzikiti Lachisanu.

4. Tchuthi. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pa chaka. Wogwira masiku 5 ali ndi masiku 15. Amene watha miyezi 12 pa ntchito akadwala, ndipo dokotala wachitira umboni, alandire malipiro athunthu masabata 4 ndi theka la malipiro masabata 8. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 a malipiro athunthu kamodzi pa zaka 3 zilizonse, ndipo kuyambira mu 2021 bambo wa mwana ali ndi masabata 2. Kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha pakati ndi kulakwira lamulo ndiponso kunyoza moyo umene Mulungu wapereka.

5. Malipiro. Tsiku lolipira likhale lodziwika, ndipo malipiro asachepere pa mlingo umene boma lakhazikitsa. Zilembedwenso za ndalama zimene alendo amasiya pothokoza: kodi ndi za woperekera yekha, kapena zigawidwe ndi ophika ndi otsuka mbale amene mlendo sawaona? Mbale ikasweka, pafufuzidwe ngati ndi ngozi kapena kusasamala, munthu asanadulidwe kanthu.

6. Ulemu wa akazi ndi atsikana. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pomfuna zadama. Mtsikana woyala mabedi adziwe kuti ali ndi ufulu wokana mlendo, kapitawo, ngakhale bwana mwini, ndipo adziwe kwa ndani angakadandaule popanda kuopa kuchotsedwa. Mwini nyumba amene amatsinzina pa zotere kuti asataye mlendo wandalama akugulitsa mzimu wa mwana wa mnzake.

7. Chilango ndi kuchotsa ntchito. Zolakwa zing'onozing'ono ziyambe ndi chenjezo la pakamwa, kenaka la m'kalata. Palibe wochotsedwa popanda chifukwa chenicheni, ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Wochotsedwa mopanda chilungamo angathe kudandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court.

Kakonzedwe ka malamulowo

Mutu umodzi susenza denga. Mwini nyumba asalembe malamulo ali yekha m'chipinda, koma akhale pansi ndi antchito ake, pakuti wotsuka mbale amadziwa za kukhitchini zimene bwana sazidziwa. Alembedwe m'chilankhulo chimene onse akumva, awerengedwe kwa aliyense wobwera kumene, apachikidwe poonekera, ndipo aunikidwenso chaka ndi chaka. Koposa zonse, agwire ntchito pa onse mofanana. Lamulo limene limaluma mlendo pa ntchito n'kusiya mphwake wa bwana si lamulo konse.

Udindo wa wantchito

Inunso antchito, chilungamo sichiyenda njira imodzi. Kuba shuga ndi mafuta m'sitolo, kubisa ndalama za chipinda, kufika mochedwa kapena mutaledzera, kuulula zinsinsi za alendo, zonsezi ndi machimo otsutsana ndi malamulo a Mulungu, ndipo katundu wakuba ayenera kubwezedwa. Hotela ikagwa chifukwa cha kusakhulupirika kwanu, mabanja a anzanu onse amagona ndi njala.

Za mnyamata uja, abwana ake anamuitana napepesa. Iye sanafune kubwerera, pakuti dzina lake linali litaipa kale pamaso pa anzake. Analandira malipiro ake otsala ndi kalata ya umboni, napita kwina. Nyumbayo inataya wantchito wokhulupirika chifukwa cha mkwiyo wa ora limodzi, umene lamulo lolembedwa la mizere iwiri likadauletsa.

Mafunso okambirana m'miphakati

Akatekisti awerenge phunziroli ndi Akristu, nafunse: Kodi antchito a pa parishi yathu, wophikira ansembe ndi mlonda wa tchalitchi, ali ndi kalata za ntchito? Kodi ine amene ndalemba munthu ntchito, ndamlipira pa tsiku lake mwezi uno? Kodi ine wantchito, ndasamala katundu wa bwana monga wanga? Amene chikumbumtima chikumtsutsa asadikire. Akonze cholakwacho, ndipo abwere ku sakramenti la kulapa.

Yosefe Woyera, nkhoswe ya antchito, amene chaka chake timachita pa 1 May, atipempherere tonse.