Mawu Aatali a Chingerezi Asatiopse: Tiyeni Tiwaphwanye



Tikamayang'anira mayeso a kumapeto kwa teremu timaona chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Wophunzira amawerenga funso bwinobwino, koma akangofika pa liwu lalitali monga photosynthesis amaika cholembera pansi n'kulumpha funso lonse. Nthawi zambiri yankho amalidziwa, chamuopsa ndi kutalika kwa liwu basi. Izi n'zodetsa nkhawa chifukwa maphunziro onse, kupatula Chichewa, timalemba m'Chingerezi, ndipo satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa amene walephera Chingerezi. Lero tikufuna tione kuti mawu aatali amamangidwa ndi tizidutswa, ndipo amene wadziwa tizidutswato amatha kumasulira mawu ambiri omwe sanawaonepo.

Luso limeneli tili nalo kale. M'Chichewa timati phunzira, phunzitsa, mphunzitsi, maphunziro. Onsewa ali ndi tsinde limodzi, ndipo mwana wa ku pulayimale amamva yekha kuti ndi apachibale. Ku madrasa tinaphunziranso kuti mawu ambiri a Chiarabu amachokera pa zilembo zitatu. Zilembo k, t, b zimanena za kulemba: kitab ndi buku, katib ndi mlembi, maktaba ndi nyumba yosungiramo mabuku. Zilembo d, r, s zimanena za kuphunzira: dars ndi phunziro, mudarris ndi mphunzitsi, madrasa ndi malo ophunzirirapo. Chingerezi nachonso chimatero, kungoti tizidutswa take tambiri chinabwereka ku Chigiriki ndi Chilatini.

Tiyambe ndi mawu othera ndi zilembo graphy, zochokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza kulemba. Geo ndi dziko, choncho geography ndi kulongosola za dziko. Bio ndi moyo, choncho biography ndi mbiri ya moyo wa munthu. Tikawonjezera auto, kutanthauza mwini wake, timapeza autobiography, mbiri yomwe munthu walemba yekha za moyo wake. Calligraphy ndi kulemba mokongoletsa, monga zilembo zomwe timaziona pa makoma a mizikiti.

Tsopano tisinthe mathero. Zilembo logy zimatanthauza phunziro la chinthu. Popeza bio ndi geo tawadziwa kale, biology ndi geology sakutivutanso: loyamba ndi phunziro la zamoyo, lachiwiri ndi la miyala ndi nthaka ya dziko. Theo ndi Mulungu, motero theology ndi maphunziro a zaumulungu. Mono ndi chimodzi, poly ndi zambiri. Apa monotheism ndi chikhulupiriro cha Mulungu mmodzi, liwu lomwe mabuku a Chingerezi amagwiritsa ntchito pofotokoza tawhid, pomwe polytheism ndi kupembedza milungu yambiri. Ku masamu, polygon ndi chojambula cha ngodya zambiri.

Nanga photosynthesis uja? Ali ndi zilembo 14 koma tizidutswa titatu tokha: photo ndi kuwala, syn ndi pamodzi, thesis ndi kuika. Ndi mmene zomera zimaphatikizira madzi ndi mpweya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa kuti zipange chakudya. Photo yemweyo ndiye ali mu photography, kujambula ndi kuwala.

Pali gulu lina loyamba ndi zilembo al, lomwe linalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chiarabu. Algebra akuchokera pa al-jabr, liwu lopezeka pa mutu wa buku lomwe Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820. Gawo lalikulu la bukulo ndi masamu a kagawidwe ka chuma cha masiye. Dzina la mkuluyu ndi lomwenso linabala liwu loti algorithm, lomwe timalimva pa phunziro la kompyuta. Alkali wa ku Chemistry akuchokera pa liwu la Chiarabu lonena za phulusa la zomera, ndipo amayi athu akamatcheza chidulo chophikira therere amakhala akupanga alkali weniweni.

Komabe tichenjere, pakuti kufanana kwa zilembo si nthawi zonse kumatanthauza chibale. Already ndi although amayamba ndi al koma si a Chiarabu. Zilembo in nthawi zambiri zimakana: invisible ndi chosaoneka, incomplete ndi chosatha. Koma inflammable satanthauza chosayaka ayi, amatanthauza chinthu choyaka msanga, ndipo amene wamasulira molakwika pa chigubu cha petulo angathe kuotcha nyumba. Invaluable nayenso si chinthu chachabechabe, ndi chinthu cha mtengo wapatali kwambiri. Choncho tikaphwanya liwu n'kuganiza tanthauzo, tiwerengenso chiganizo chonse kuti tione ngati zikugwirizana, kenako titsimikize mu dikishonale.

Ntchito ya teremu ino nayi. Wophunzira aliyense apatule masamba akumapeto a kope lake. Sabata iliyonse alembe kachidutswa kamodzi, tanthauzo lake, ndi mawu asanu omwe ali nako, otengedwa m'mabuku ake omwe. Sabata ino tiyambe ndi tele, kutanthauza kutali, ndi micro, kutanthauza chaching'ono kwambiri. Makolo, ngakhale Chingerezi simuchidziwa, mufunseni mwana madzulo kuti akufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chiyao tanthauzo la mawu ake asanu. Akalephera kufotokoza ndiye kuti sanamvetse, abwerezenso. A komiti, pempho lathu ndi loti kalasi iliyonse ikhale ndi dikishonale yakeyake, yosatsekeredwa mu ofesi.

Tidzayang'ana makopewo Lachinayi likubwerali, insha Allah. Wassalamu alaikum.