Za Wayilesi ya ku Lusaka ndi Nyimbo Zake

Ana athu amayesa kuti wayilesi inayamba ndi MBC m'chaka cha 1964. Iyayi, abale, Chinyanja chinamveka pa mphepo kale, ndipo chinkachokera ku Lusaka.

M'chaka cha 1941, nkhondo yaikulu ili m'kati, Boma la Northern Rhodesia linayamba kuulutsa mawu kumeneko, kuti anthu amve za ana awo amene anapita ku usilikali. Koma akumva anali owerengeka, pakuti mawayilesi anali a mtengo wapatali. Tsono Bwana Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, anapangana ndi kampani ya Ever Ready ku England, ndipo m'chaka cha 1949 kunafika kawayilesi kobulungira ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndi batire lake mashiling'i 25. Kwa mlimi zinali ndalama zambiri ndithu, koma aphunzitsi, akalaliki ndi a ku migodi anagula, ndipo madzulo anansi ankadzaza pakhonde pawo.

Chimene anthu anachikonda koposa si nkhani za Boma ayi, koma nthawi ya Zimene Mwatifunsa. Munthu wogwira ntchito ku Kitwe kapena ku Salisbury ankalemba kalata ku Lusaka, kupempha kuti amuimbire nyimbo mkazi wake kumudzi, ndipo woulutsa ankatchula maina onse awiri. Tiganize za mayi amene mwamuna wake anachoka zaka zitatu zapitazo, anthu nayamba kunong'ona kuti uja ndi mtchona. Kodi sanasangalale pakumva dzina lake likutuluka m'kasefuliya, mudzi wonse ukumva?

Nyimbozo sizinali za kunja zokha. Antchito a wayilesi ankayenda ndi makina m'midzi kujambula ng'oma ndi mawu a anthu wamba. Woimba womveka koposa anali Alick Nkhata, amene anamenya nkhondo ku Burma. Iye anatenga nyimbo za makolo naziimba ndi gitala, m'Chinyanja ndi m'Chibemba.

Koma chikondicho chinasokonezeka pa nthawi ya Chitaganya cha 1953. Popeza wayilesi inali ya Boma, mbiri inabuka yakuti oulutsa mawu ndi anthu otumidwa ndi Azungu, ogwira anthu usiku kuti awakhe magazi, ndipo ena a iwo ankaopa kuyenda m'makomboni. Nkhata mwini anakhalabe pa ntchitoyi kufikira Zambia italandira ufulu. Anafa m'chaka cha 1978, pamene asilikali a Rhodesia anathira nkhondo pafupi ndi munda wake ku Mkushi.