MASEWERA A PA ULENDO WAUTALI

Mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata uchedwa Great East Road, ndipo utali wace ndi makilomita pafupi-fupi 570. Anthu ambiri a m'cigawo ca Kum'mawa amene agwira nchito ku Lusaka ayenda mu mseu umenewu pamodzi ndi ana ao pa nthawi ya chuthi, kukaona makolo kumudzi. Ena apita m'mwezi wa February kukaonera mwambo wa Nc'wala wa Angoni ku Mtenguleni, ndipo ena apita m'mwezi wa August ku mwambo wa Kulamba wa Acewa ku Mkaika, kufupi ndi Katete. Basi imene inyamuka m'mamawa ifika ku Chipata dzuwa litapendeka.

Munthu wamkulu akhoza kukhala pa mpando maora ambiri ali cete, koma mwana sakhoza kutero, pakuti miyendo yace inazolowera kuthamanga. Galimoto isanafike ndi pa Chongwe pomwe, iye wayamba kale kufunsa kuti, "Amai, kodi tifika liti?" Pambuyo pace alimbana ndi mbale wace cifukwa ca malo a pazenera. Wamng'ono alira, amai akalipa, ndipo woyendetsa galimoto aceuka kuti aone cimene cacitika. Kuceuka kumeneko ndiko kumene kwadzetsa ngozi zambiri.

Mankhwala a bvuto limeneli ndiwo masewera. Masewera a m'galimoto safuna mpira kapena bwalo. Zipangizo zace ndizo maso, makutu, pakamwa ndi mutu, ndipo munthu ali yense ayenda nazo. Mwana wa sukulu amene adziwa kuwerenga ndi kuwerengera ndiye ayenera kutsogolera ang'ono ace, kuti makolo apumule ndi kuti woyendetsa asamale mseu.

Cifukwa cace buku ndi lamya sizikwanira

Ana ena atenga buku, ena apempha lamya ya m'manja ya makolo ao kuti aziseweretsa. Koma galimoto ikayamba kukhota-khota, ambiri a iwo amva cizungulire ndi mseru, ndipo ena asanza. Cifukwa cace ndi ici. M'kati mwa khutu liri lonse muli tinjira titatu topindika, tokhala ndi madzi. Mutu ukatembenuka, madziwo agwedezeka, ndipo khutu lituma mau ku ubongo kuti thupi liri kuyenda. Koma maso amene apenyetsetsa pa buku auza ubongo kuti zonse ziri cikhalire. Ubongo ukalandira mau awiri otsutsana cotere usokonezeka, ndipo munthu adwala. Iye amene apenya kutali kunja kwa zenera sabvutika kwambiri, popeza maso ndi makutu ace anena cimodzi-modzi.

Palinso cifukwa cina. Lamya isangalatsa munthu mmodzi yekha, ndipo enawo ailimbirana. Masewera a maso ndi a pakamwa alowamo onse.

Masewera a maso

Ana agawana magulu awiri. Gulu lina lipenya ku zenera la kumanzere, lina ku zenera la kumanja, ndipo apangana mtengo wa cinthu ciri conse: mbuzi 1, ng'ombe 2, njinga yosenza makala 3, ngolo 5, nyani kapena pusi 10. Gulu limene liyamba kufika pa 100 ndilo lapambana. Wopupuluma aphonya zambiri, koma wofatsa aona ndi zobisika zomwe, monga akulu ananena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masewera ena ndi oloweza maina a malo monga atsatirana. Wocokera ku Lusaka apitirira Chongwe, dziko la Asoli, nafika ku Rufunsa. Kucokera apo mseu ukhota-khota m'mapiri a Manenekela ndi kutsikira m'cigwa ca Luangwa, kumene kutentha kwambiri ndipo kuli milambe. Ulalo wa pa Luangwa unatsegulidwa m'caka ca 1968, ndipo ugwiridwa ndi zingwe zacitsulo zomangika ku nsanamira zazitali. Pafupi ndi ulalowo pali msika wa nsomba zouma, madengu ndi mphasa. Mtsinje wa Luangwa ndiwo malire a cigawo ca Lusaka ndi cigawo ca Kum'mawa pamenepo, ndipo kumunsi kwace ulekanitsa Zambia ndi Mozambique kufikira utathira mu Zambezi. Patsidya pali Kacholola, kenaka Nyimba, kumene kuculuka nthoci, ndi mphambano ya ku Petauke. Kumeneku ndi kwa Ansenga. Pomariza pali Sinda, Katete ndi Chipata, mzinda umene kale unali kuchedwa Fort Jameson.

Mwana ali yense achula dzina limodzi, mnzace nachula lotsatira. Wolumpha dzina aturuka. Pobwerera ku Lusaka maina achulidwa cobwerera m'mbuyo, ndipo apo m'pamene pabvuta. Ana amene asewera cotere adziwa mapu a dziko lao koposa amene angowaona pa khoma la sukulu.

Masewera a masamu

M'mbali mwa mseu muli zikwangwani zonena makilomita amene atsala. Mwana wofunsa kuti afika liti akhoza kudziyankha yekha. Ngati cikwangwani cinena kuti kwatsala makilomita 240, ndipo galimoto iyenda makilomita 60 pa ora limodzi, ndiye kuti kwatsala maora 4. Pa liwiro lomwelo ulendo wonse wa makilomita 570 utenga maora 9 ndi theka, osawerengera nthawi yopuma. Ali yense anena nthawi imene aganiza kuti afika pa mzinda wotsatira, ndipo amene wayandikira koposa ndiye wapambana.

Galimoto iri yonse iri ndi nambala kutsogolo ndi kumbuyo. Ana okulirapo apikisana kuphatikiza manambala a galimoto imene iri patsogolo pao. Ngati pali 4, 7, 2 ndi 5, woyamba kunena kuti 18 ndiye wapambana. Ang'ono afuna-funa manambala motsatana: ayamba ndi 1, akampeza afuna 2, kufikira 9. Malemba a pa nambala nawonso ali ndi nchito, pakuti ali yense ayesa kupanga nao ciganizo. Malemba A, L ndi M akhoza kupereka mau akuti, "Ana, Lekani Mkangano."

Masewera a mau

Masewera okoma koposa onse ndi amene makolo anasiya, ndiwo zirapi. Mwini cirapi ayamba ndi mau akuti, "Cirapi!" ndipo enawo abvomera kuti, "Nacize!" Agogo akati, "Nyumba yopanda khomo," mdzukulu wocenjera ayankha kuti, "Ndi dzira, agogo." Akati, "Pita uku, ine ndipite uku, tikakomane kutsogolo," yankho lace ndi lamba. Onse akalephera, alipira mwini cirapi ng'ombe ya pakamwa cabe, ndipo iye aulula yankho.

Zirapi zakale zikatha, ana apanga zatsopano kucokera ku zimene aona pa ulendo. Wina akhoza kunena kuti, "Njoka yakuda yagona, mutu ku Chipata, mcira ku Lusaka." Umenewo ndi mseu. Wina angati, "Ng'ombe ya atate imwa, koma siidya udzu." Imeneyo ndi galimoto. Kupanga cirapi kuposa kuciyankha, cifukwa wopanga ayamba wapenyetsetsa cinthu kufikira ataona cimene cifanana naco.

Kale zirapi ndi nthano zinali za madzulo, anthu atatha kudya, pakuti usana unali wa nchito, ndipo akulu anali kuletsa ana kuimba nthano dzuwa liri kumwamba. Cifukwa cace mwana apemphe mwaulemu, osakakamiza. Akhoza kunena kuti, "Agogo, muno mulibe khasu kapena mtondo wotidikira. Kodi simungatiimbireko nthano imodzi?" Ana ambiri a m'mizinda sakhala pa moto ndi agogo ao madzulo, ndipo makolo ao abwera ku nchito atatopa. Ulendo wautali ndiwo mpata wosowa pamene banja lonse likhala pamodzi tsiku lathunthu. Mwana wanzeru afunsa pamenepo za mfunda wace, za mudzi umene makolo ace anacokera, ndi za maulendo akale, pamene anthu anali kuyenda pansi masiku ambiri kukafuna nchito. Zimene amva tsiku limenelo sadzazipeza m'buku liri lonse.

Palinso masewera olumikiza mau. Woyamba achula liu, ndipo wotsatira ayamba liu lace ndi mathero a liu la mnzace, motere: nyumba, mbale, lemba, mbatata, tambala, lalanje, njerwa. Wocenjera asunga mau obvuta monga njerwa kuti akole nao mnzace. Liu limene lanenedwa kale silibwerezedwa.

Ena akonda masewera oyesa cikumbukiro. Woyamba ati, "Pa msika wa pa Luangwa ndinagula nsomba." Waciwiri ati, "Ndinagula nsomba ndi dengu." Wacitatu abwereza zonsezo naonjeza cace. Katundu akafika pa 10, ndi akulu omwe ayamba kuiwala, ndipo galimoto yonse iseka.

Malamulo a masewera a m'galimoto

Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ora limodzi ipita mamita 22 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akaceuka masekondi 2 okha, galimoto yayenda mamita 44, pafupi-fupi theka la bwalo la mpira, popanda woipenyera njira. Pa mtunda umenewo pakhoza kukhala mbuzi, njinga kapena mwana wodutsa mseu. Cotero masewera ali ndi malamulo ace, ndipo wotsogolera awanene ulendo usanayambe.

1. Woyendetsa salowa m'masewera ofuna maso. Mwana asanene kuti, "Atate, taonani uko!"

2. Ali yense akhale pa mpando wace atamanga lamba, ngati mpandowo uli naye. Masewera ofuna kuimirira adikire nthawi yopuma.

3. Mutu ndi manja zisaturuke pa zenera, ndipo zinyalala zisatayidwe mu mseu.

4. Mau akhale apansi. M'basi muli anthu ena, odwala, okalamba ndi opita ku maliro, amene afuna bata.

5. Wamng'ono apatsidwe mafunso omuyenera, kuti nayenso apambaneko. Masewera amene apambana munthu mmodzi nthawi zonse athera m'misozi.

6. M'mapiri, pa mvula yaikulu, ndi pamene woyendetsa afuna kupitirira galimoto ina, onse akhale cete. Kukhala ceteko kukhoza kusanduka masewera: woyamba kulankhula kapena kuseka ndiye walephera.

Woyendetsa wanzeru aima pakapita maora awiri kuti apumule. Pamenepo ana aturuke, aongole miyendo, alumphe ndi kuthamanga, koma kutali ndi mseu ndiponso pamaso pa munthu wamkulu. Wodutsa mseu agwire dzanja la wamng'ono wace.

Akulu anati kuyenda awiri si mantha. Anthu oyenda pamodzi athandizana, ndipo mwana nayenso ali ndi thandizo lace. Iye sakhoza kuyendetsa galimoto kapena kulipira mafuta, koma akhoza kusangalatsa ang'ono ace ndi kusunga mtendere pa mpando wa kumbuyo. Makilomita sacepa cifukwa ca masewera, koma amene asewera afika asanatope mtima, atadziwa maina a dziko lao ndi zirapi zina zokauza anzao ku sukulu.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji ana ambiri amva mseru akawerenga buku m'galimoto?
2. Chulani motsatana malo 6 amene ali pakati pa Luangwa ndi malire a Malawi pa mseu wa Great East Road.
3. Ulalo wa pa Luangwa unatsegulidwa caka citi? Nanga mtsinjewo uthira kuti?
4. Basi iyenda makilomita 70 pa ora limodzi, ndipo kwatsala makilomita 210. Idzafika patapita maora angati?
5. Cifukwa ninji akulu anali kuletsa nthano usana?
6. Fotokozani cifukwa cace woyendetsa sayenera kuceuka, ngakhale kanthawi kocepa.
7. Kodi mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha utanthauzanji?

NCHITO

(a) Funsani akulu kwanu zirapi 5, muzilembe m'buku pamodzi ndi mayankho ace.
(b) Pangani cirapi canu-canu ca ulalo, ca njinga kapena ca nyali za galimoto.
(c) Jambulani mseu wocokera kwanu kunka ku mzinda waukulu wapafupi, ndi kulembapo mitsinje, mapiri ndi midzi imene munthu apitirira.