Malangizo: Thumba Loyenera Kusungiramo Nkhuni

Omvera athu a ku Mzimba boma, Jenda ndi Embangweni amene mumagulitsa nkhuni, thumba labwino ndi lomwe limalowa mphepo. Nkhuni yaiwisi imauma mphepo ikamaiwomba, koma thumba la feteleza lokhala ndi pulasitiki mkati limatsekera chinyezi, nkhuni n'kuchita nkhungu, pamoto n'kumangofuka utsi. Choncho sankhani matumba aukonde, onga a anyezi, muwasanje pathandala pansi pa denga mvula ya Disembala isanagwe. Ena anena kuti matumba a feteleza ali kale pakhomo, safuna ndalama. N'zoona, komatu kasitomala amene walira ndi utsi sabweranso. Ngati mulibe ena, chotsani pulasitikiyo, muwachape, muikemo nkhuni zouma kale patsiku la msika lokha. Chonde, dulani mitengo yodzala nokha kuti nkhalango ya Perekezi ipume.