Musanalole kuikidwa kabatire pamsana chifukwa cha ululu wa m'mimba

Amalawi ena okhala ku Britain, ku South Africa ndi ku America amene avutika kwa zaka ndi ululu wa m'mimba wosatherapo ayamba kumva za chithandizo chotchedwa spinal cord stimulation. Madokotala amalowetsa timawaya m'fupa la msana, pafupi ndi mtsempha waukulu, nkutilumikiza ku kabatire koikidwa pansi pa khungu, kawirikawiri cha kumtunda kwa thako. Timagetsi tochokera m'kabatireko timasokoneza uthenga wa ululu usanafike ku ubongo. Njirayi si yabodza: dokotala wa ku America, Norman Shealy, anaiyamba mu 1967, ndipo alipo ambiri amene yawathandiza. Koma abale anga, iyi si opaleshoni yochita kamodzi nkuiwala. Imakumangirirani ku chipatala kwa zaka zambiri, motero amene mapepala ake sanalongosoke, kapena sakudziwa dziko lomwe adzakhale mtsogolomu, asathamangire.

Tiyambe ndi umboni. Bungwe la NICE, lomwe limaunika chithandizo choperekedwa ndi zipatala za boma za ku Britain (NHS), linavomereza njirayi mu 2008 kwa odwala ululu wochokera ku mitsempha yowonongeka, amene avutika miyezi 6 kapena kuposerapo mankhwala ena atalephera. Pa ululu wa m'mimba, monga wa matenda a kapamba otchedwa chronic pancreatitis, kafukufuku amene alipo anachitika pa anthu ochepa. Ena anapepukidwa ndithu, koma dokotala woona mtima sangakulonjezeni kuchira. Nchifukwa chake pamayamba kuyesa: timawaya timaikidwa kwa sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, batire ili kunja kwa thupi, ndipo ululu ukapanda kutsika ndi theka, timachotsedwa. Kumbukiraninso kuti kachipangizoka kamangotontholetsa ululu, sikachiza nthenda. Gwero lifufuzidwe kaye. Muuzeni dokotala kuti munakulira ku Malawi, kuti munkasamba m'nyanja kapena m'madambo, chifukwa likodzo ndi TB ya m'mimba ndi matenda omwe dokotala wa ku Leeds sangawaganizire msanga. Kuwonda mosadziwika bwino ndi magazi m'chimbudzi zimafuna kupimidwa mwachangu, osati kubisidwa ndi magetsi.

Nkhani ya mapepala njosapeweka. Ku England njira ya NHS ndi iyi: dokotala wanu wa nthawi zonse (GP) amakutumizani ku pain clinic, komwe gulu la akatswiri limakuunikani. Amene viza yake yatha, kapena anangobwera kudzacheza, amalipiritsidwa 150 peresenti ya mtengo wa NHS, ndipo ngongole ya £500 kapena kuposerapo ikakhala miyezi iwiri osabwezedwa imakanenedwa ku Home Office, ofesi yoona za maviza, zomwe zingakanitse viza yotsatira. Ku South Africa, medical aid ili ndi mphamvu yokudikiritsani miyezi 3 mukangolowa, ndi miyezi 12 pa matenda omwe munalowa nawo. Kubisa matendawo polemba fomu nkudzitchera msampha, pakuti akadzatulukira akhoza kukana kulipira bilu yonse. Pezani chilolezo cholembedwa cha medical aid musanagonekedwe. Ndipo kubwereka khadi kapena dzina la mnzanu nkoopsa koposa: fayilo idzanena kuti iye ndiye ali ndi mawaya m'msana, inu nkudzalowetsedwa m'makina a MRI popanda wodziwa, chikhalirecho si kachipangizo kalikonse kamene kamaloledwa mmenemo.

Wina anena kuti wodwala sadikira mzere, bola kulipira kuchipatala cha kunja. Ululu wa zaka umatopetsadi, ndipo apa mpomwe madobadoba a pa Facebook ndi WhatsApp amadyerapo, kulonjeza ulendo wa masiku ochepa, opaleshoni ndi hotela pamtengo umodzi, dipoziti lero lomwe. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Timawaya timatha kusuntha, bala limatha kutukusira, mphamvu ya magetsi imafuna kusinthidwa ndi makina a kampani yomwe inapanga kachipangizoko, kaya ndi Medtronic, Abbott kapena Boston Scientific, ndipo batire ikatha pamafunika opaleshoni ina. Dobadoba sadzayankhanso foni zimenezi zikachitika. Aliyense wofuna kulumpha sabata yoyesera akugulitsa katundu, sakukuchizani.

Achibale kumudzi nawo amakankha mwachikondi: tasonkha ndalama, kachitidweni opaleshoni muyambirenso ntchito, fizi ya ana ikudikira. Afotokozereni kuti ndalama ikathera pa chithandizo chosayenera, ululu ndi ngongole zidzatsala pamodzi. Ngati mukulingalira zodzabwerera kwathu mukapuma ntchito, funsani dokotala lero: batire iyi idzatha liti, adzaisintha ndani, ndipo kachipangizoka kakavuta ndili ku Zomba kapena ku Mzimba ndidzathamangira kuti? Mayankho akhale olembedwa, muwasunge pamodzi ndi khadi la kachipangizoko, lomwe mudzafunikanso kulionetsa pabwalo la ndege. Ngati funso limodzi mwa amenewa likusowa yankho, musasaine fomu ya opaleshoni.